Ovololo ya a Bauleni

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
ndakhala ndikuchapa ovololo yomweyi, kapena abale ake,
pampopi wa kuseri kwa mdadada wathu kuno ku Mbare.
Madzi oyamba ankatuluka ngati inki.
Achiwiri ngati tiyi wopanda mkaka.
Achitatu sindinkafikako, sopo ndi ndalama.

A Bauleni ankachokera ku Workington
maso okha akuyera,
ana a pakhonde n'kuthawa, kenaka n'kubwerera kudzapempha masiwiti.
Malasha anali m'makutu, m'zikhadabo,
m'mizere ya pakhosi,
ngakhale papilo pankatsala chithunzi cha mutu wawo.
Sitima ya ku Hwange ikachedwa ndinkadziwa ndisanauzidwe:
kolala inkabwera yotuwa chabe.

Mwezi wathawu anawaitanira muholo.
Mtsikana wina, injiniya, dzina lake Rumbidzai,
chipewa choyera, mawu aulemu,
anawaonetsa paipi yachikasu yoboola khoma.
Akuti moto tsopano uzidzera m'menemo.
Gasi. Alibe phulusa, safuna fosholo,
sagona panjira ngati sitima.
A Bauleni akuti anakweza dzanja:
nanga tizimuona bwanji kuti wafika?
Anthu anaseka. Mtsikanayo sanaseke.
Anawalozera kasingano ka pa geji
kakunjenjemera ngati kamva chisanu.

Sindikudandaula, mundimve bwino.
Makatani anga ayera.
Mdzukulu wanga Nditani wagona sabata yathunthu osadzuka ndi chifuwa.
Nyemba zimene ndinayanika padenga la shedi
sindinazipete kawiri.

Koma Lachiwiri lapitali
anabwera ovololo ili mbee,
mzere umene ndinasita udakali chilili pamwendo.
Anaivula, anaipinda okha, n'kuiika pampando.
Anakhala pabedi manja ali pamaondo
ngati munthu wodikira basi ya ku Nyamapanda.
Ndinati, kuntchito kunali bwanji?
Akuti, ndimayang'ana singano.
Tsiku lonse?
Tsiku lonse. Sinasunthe.

Amayi a Chenai a chipinda cha pamwamba,
amene ankatola malasha ogwa m'mbali mwa njanji
n'kumagulitsa pachitini kwa anyamata ootcha chimanga,
andifunsa ngati paipiyo imadontha.
Ndati kaya.
Ati ngakhale itadontha, mpweya ungautolere m'chiyani?

Usiku ndimawamva.
Chifuwa chawo sichinaitanidwe kuholo kuja.
Chidakali pa shifiti yakale,
chikukoka, chikutembenuza,
chikutulutsa zakuda m'kansalu
kamene amabisa kunsi kwa matiresi poyesa sindikudziwa.
Malasha omaliza anatsika sitima mu Epulo,
koma ena anatsikira mwa amuna anga
ndipo alibe tikiti yobwerera.

Bambo awo anachoka ku Dedza wapansi
kudzadyetsa moto wa mzinda wa eni,
iwo n'kulandira ntchitoyo monga ena amalandirira munda.
Dzulo abwera nayo fosholo kunyumba.
Akuti wa kusitolo anati, tengani madala,
ndilemba kuti inasowa.
Yaima kuseri kwa chitseko pamodzi ndi tsache,
mlomo wake wodyeka mbali imodzi,
mbali imene iwonso amapendekera poyenda.
Nditani akufuna akakumbire mbatata kusukulu.
Sanamuyankhe.

Lero m'mawa ndatenga ovololo ija, yoyera choncho,
ndapita nayo kumpopi.
Ndaiviika. Ndaipaka sopo,
m'khosi, m'khwapa, m'maondo, monga mwa masiku onse.
Ndaifikisa pasimenti mpaka mapewa kuwawa.
Madzi oyamba atuluka madzi.

Amayi a Chenai andiyang'ana, sananene kanthu,
angosuntha beseni lawo kuti ndipeze malo.
Babu la pakhonde linali likuyakabe
dzuwa litakwera kale pamwamba pa msika,
palibe amene anakumbuka kuzimitsa.